Amon Mphande, Mmisiri Amene Anasiya Kulota

Achimwene anga, Amon Mphande, anali mmisiri wa maboti amatabwa kuno ku Ngala. Tinawaika m'manda mu Febuluwale chaka chino, ali ndi zaka 46. Pamaliro anthu analankhula zabwino zokhazokha, monga amachitira pamaliro, ndipo mawu akuti mowa sanatuluke pakamwa pa munthu aliyense. Ine ndine Emelda, mlongo wawo wamng'ono, ndimagulitsa nsomba zouma pamsika wa Dwangwa. Ndifotokoza mmene zinayendera, pamodzi ndi mbali yanga, imene si yokoma.

Makolo athu anachokera ku Usisya ife tisanabadwe. Adada anabwera kutsata utaka, anafika pa Ngala, anamanga kanyumba, ndipo sanabwererenso. Tinabadwa asanu, tinakula awiri. Achimwene anandiposa ndi zaka zinayi.

Chimene aliyense ankawadziwa nacho kuyambira ubwana wawo chinali maloto. Sindikunena za ulosi kapena mizimu, zimenezo kwathu kunalibe. Ankangolota kwambiri, maloto aatali, ndipo akadzuka ankawakumbukira onse. Anthu ambiri m'mawa amati, "Ndinalota kanthu koma kandithawa." Iwo sikankawathawa. Ankakhala pakhonde akutsuka m'kamwa n'kuyamba: "Lero ndinali pa sitima yopita ku Likoma, koma woyendetsa anali mbuzi ya aphunzitsi ija, itavala jekete." Ankafotokoza mpaka mabatani a jeketeyo. Amama ankati mutu wa mwana ameneyu uli ngati wailesi imene mwini wake waiwala kuzimitsa, koma nawonso ankasiya tsache n'kumamvetsera.

Sukulu analekeza Sitandade 7. Adada anawatumiza ku Bua kwa mkulu wina dzina lake Sadick, amene ankakhoma maboti pafupi ndi pamene mtsinje umathira m'nyanja. Anakhalako zaka zisanu. Atabwerako anamanga chisakasa pamchenga n'kuyamba kugwira ntchito paokha. Manja awo anali abwino. Matabwa ankawalumikiza bwino moti thonje ndi phula zotsekera m'mipata zinkalowa zochepa, ndipo asodzi ankalolera kudikira miyezi itatu kuti boti lawo likhomedwe ndi Amon. Mowa sankamwa. Ankati umanunkha ngati chinangwa chimene chakhalitsa m'madzi.

Mkazi wawo, Keti, anakumana naye ku Chia atapita kukapereka boti. Anali mtsikana wolima mpunga, wa mawu ochepa, wosaseka pachabe. Mu 2007 anabereka mwana wamkazi ndipo anamutcha Walusungu. Mimba ziwiri zotsatira zinapita padera, choncho mwana anakhala yekhayo. Kamtsikanako m'mawa uliwonse, kasanapite kusukulu, kankathamangira kuchisakasa n'kukakhala pa mulu wa matabwa.

"Adada, mwalota chiyani?"

Akakafotokozera kankapukusa mutu ngati munthu wamkulu. "Mukunama, adada. Ng'ona sigula sopo."

Mu Januwale 2014, mvula ili pachimake, Walusungu anatentha thupi. Linali Lachiwiri. Keti anati apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Koma achimwene anali ndi boti loti lilowe m'madzi Lachinayi. Mwini wake anali atabwera kale ndi injini ndi anthu ake, atangokhala pamchenga kuwayang'ana.

"Mupatseni panado," anatero achimwene. "Tikamaliza botili tipita naye."

Lachitatu mwana anadzuka bwinoko, anamwa phala, mpaka anasewerako panja. Lachinayi boti linalowa m'madzi, anthu akuomba m'manja. Cha m'ma 2 koloko masana Keti anafika kuchisakasa akuthamanga: mwana wakomoka, maso atembenuka. Achimwene anamubereka ndi chitenje cha amayi ake n'kukwera njinga. Msewu unali matope okhaokha. Panjira mwanayo anatsitsimuka pang'ono n'kuwagwira malaya paphewa ndi manja onse awiri. Atafika pakati pa minda ya nzimbe, anamva timanja tija tikumasuka. Sanaime. Anapalasabe mpaka kuchipatala, akudziwa. Anamwino anangomasula chitenje n'kuwauza kuti akhale pansi. Anali malungo.

Maliro atatha achimwene anasiya kufotokoza maloto. Maso awo anafiira, masaya analowa. Patapita mwezi ndinawapeza m'chisakasa atagwira nyundo, osakhoma kanthu. Ndinawafunsa ngati akugona.

"Loto ndi limodzi lomwelomwelo, Emelda," anatero. "Ndikangotseka maso ndili panjinga. Ndikupalasa, nzimbe uku ndi uku, msewu osatha. Kenako manja aja amasiya malaya, ine n'kudzidzimuka. Ndikagonanso ndimayambira pomwe paja."

"Usiku uliwonse?"

"Katatu, mwina kanayi."

Mutu womwe uja umene sunkataya kanthu tsopano unkawasungira zimenezi. Makolo athu anali atamwalira kale. Abusa anabwera kudzapemphera kawiri. Keti ankalira payekha, ndipo za Lachiwiri lija sankazitchula, koma sankafunikanso kuzitchula.

Amene anabwera ndi mankhwala anali Filipo, msodzi amene anakula nawo pamodzi. Anawapeza akuwodzera pa ntchito ndipo anati, "Aise, udzafa ndi maganizo. Ine sindilota. Kapu imodzi ya kachasu madzulo, tulo take tofa nato, kudzuka kwayera." Anawasiyira kabotolo.

M'mawa mwake achimwene anafika kwanga ndikuyanika usipa pathandala. Aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira chichitikireni maliro.

"Emelda, ndagona. Palibe chimene ndaona. Mdima wokhawokha mpaka m'mawa."

Ndinasangalala, ndikuvomera. Sabata yomweyo ndinawagulira ndekha kabotolo kena, n'kukakulunga m'nyuzipepala kuti amayi anzanga a kutchalitchi asandione nako. Ndinkati ndi za masiku ochepa, mtima ukakhala pansi asiya. Anthu akamatukwana Filipo lero, ine ndimangokhala chete.

Miyezi yoyamba zinkaoneka ngati zatheka. Ankagona msanga, ntchito ankagwira. Aliyense wowafunsa ankamuyankha monyadira kuti masiku ano salota. Koma tsiku lina ndikuchapa kunyanja ndi Keti, mlamu wangayo anaima n'kundiyang'ana, sopo ali m'manja.

"Alamu, achimwene anu akuti salota."

"Ndi zimene akunena."

"Ine ndimagona pambali pawo. Usiku ukamayamba amakhaladi ngati mtembo. Koma kukamayandikira kucha amayamba kutuluka thukuta, miyendo n'kumapalasa pamphasa, akuitana dzina la mwana. Akadzuka ndikawafunsa amati sanaone kanthu. Amalota, alamu. Kungoti amaiwala. Amene ndimakumbukira ndine."

Ndinamuuza kuti apirire. Mawu amenewo ndi otchipa, aliyense ali nawo.

Kudzidzimuka kwa m'bandakucha kuja kunawavuta achimwene. Sankadziwa chimene chawadzutsa, ankangopeza mtima ukuthamanga, kukamwa kutauma. Ndiye anaganiza kuti kapu imodzi yachepa. Zinakhala ziwiri, kenako zitatu, kenako anayamba kusunga kabotolo pansi pa mphasa koti akadzidzimuka amwe n'kugonanso. Pofika chaka chachiwiri ankamwa dzuwa lisanakwere, chifukwa popanda kutero manja ankanjenjemera moti msomali sankaulasa. Boti lina limene anakhoma linayamba kulowa madzi sabata yoyamba. Mwini wake sanakangane nawo, anangolikoka kupita nalo ku Bua. Mbiri ya mmisiri imayenda msanga m'mbali mwa nyanja. Chisakasa chinayamba kukhala chopanda matabwa.

Achimwene anali ndi foni yojambula imene anagula mwana akadali moyo. Munali zithunzi za Walusungu, mwina makumi awiri: ali pa matabwa, ali mu yunifolomu, atanyamula chambo chachikulu kuposa mkono wake. Mwana atamwalira achimwene sankafuna kuziona, koma Keti ankaitenga foniyo masana iwo akagona. Mu 2016 anaisinthanitsa ndi zigubu ziwiri za kachasu kwa munthu wodutsa, amene sitinamuonenso. Keti atamva sanakalipe. Anamanga zovala zake m'chitenje, anabwera kwanga kudzatsanzika, n'kukwera matola kubwerera ku Chia. Patapita zaka ziwiri anakwatiwanso.

Zaka zitatu zotsatira sindikufuna kuzifotokoza zonse. Macheka ndi nyundo zina zinapita mmene inapitira foni. Ankasoka maukonde a anthu, nthawi zina ankathandiza kukoka, n'kumalandira nsomba zapamanja. Ine ndinkawatumizira chakudya. Amuna anga, a Raston, amene amadula nzimbe, ankati ndikudyetsa chidebe chobooka, koma sankandiletsa.

Mu Juni 2019, mwera ukuwomba, achimwene anafika pamsika. Anali atasamba, malaya atamanga mabatani onse. Anakhala pa kabenchi kuseri kwa nsomba zanga mpaka makasitomala atachepa.

"Emelda, Walusungu ankaoneka bwanji?"

Ndinaganiza kuti aledzera, koma maso awo anali bwino. Ndinawauza kuti anali woyererapo ngati amayi ake, wa mpata pakati pa mano akutsogolo, ndi kachipsera pachibwano kamene anagwa nako pa matabwa.

"Zimenezo ndikuzidziwa," anatero. "Ndikuzidziwa ngati mmene ndimadziwira kuti Mzuzu ili kumpoto. Koma ndikatseka maso sindikumuona. Ndimaona yunifolomu, ndimaona mapazi. Pankhope palibe kanthu. Ndayesa sabata yonse."

Anasendera pafupi n'kupitiriza.

"Kale ndinkalota anthu amene ndinawaona kamodzi kokha pa sitima, nkhope zawo zonse. Mwana wanga ali m'mutu momwemu, sangapite kwina. Ndikayambanso kulota ndimuona. Ndikufuna kusiya."

"Nanga loto la njinga lija likabwera?"

"Libwere."

Ndinaganiza kuti pali njira yachidule. Loweruka ndinatseka malonda n'kupita ku Chia. Keti ndinamupeza akupeta mpunga, kamwana kali kumsana. Anandilandira bwino, ananditcha alamu ngati kale. Nditamuuza chimene ndabwerera, anaika lichero pansi.

"Chithunzi ndili nacho chimodzi, chimene anajambulitsa kusukulu. Sindikupatsani."

"Sindikuti ndichitenge. Ndingochijambula ndi foni yangayi, ndikawaonetse."

"Zithunzi makumi awiri anali nazo m'thumba mwawo. Anazimwa." Mawu ake sanakwere. "Iwo anasankha kuiwala, alamu. Ine sindinapatsidwe mwayi wosankha. Zaka ziwiri ndinamvetsera mwana wanga akufa m'bandakucha uliwonse pakamwa pa munthu amene akadzuka ankati wagona bwino. Lero akufuna nkhope yake? Ayi."

Sindinamukakamize. Sindinganenenso kuti analakwa. Anandimangira mpunga wapanjira n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Nditafika ndinawauza achimwene kuti Keti alibe chithunzi chilichonse.

Anasamukira kwanga, m'kachipinda kosungiramo nsomba, ndipo anasiya mowa tsiku limodzi, osachepetsa pang'onopang'ono. Palibe mwa ife amene ankadziwa kuti kutero n'koopsa. Tsiku loyamba ankangotuluka thukuta. Lachiwiri maloto anabwera, koma sanali amene ankawafuna. M'mawa anatuluka akunjenjemera thupi lonse n'kundiuza kuti analota linthumbu likutuluka m'mipata ya boti n'kuwalowa m'makutu, analota adada akuwakhomera misomali m'manja, analota nyanja itauma, pansi pake pali njinga zokhazokha. Zonse ankazikumbukira bwinobwino. Tsiku lachitatu anayamba kuziona ali maso, dzuwa likuswa mtengo. Ankasasa malaya, akuti linthumbu lawakwera. Kenako anagwa pabwalo n'kuyamba kuphupha, thovu lili kukamwa.

Oyandikana nawo nyumba anasonkhana. Wina anati ndi khunyu, wina anati mwana uja wabwera kudzawatenga, wina anatchula sing'anga wa kuphiri. A Raston sanamvetsere zimenezo. Anaitana njinga yamoto, anawakhazika pakati, n'kupita nawo kuchipatala.

Anawagoneka masiku anayi. Amene ankawaona anali mayi wina wachisilamu, wamfupi, dzina lake Zainab. Anthu ankangoti adokotala. Tsiku lotuluka anatiitanira m'kachipinda kake tonse awiri.

"Bambo Mphande, mukanafa," anatero. "Munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu sasiya yekha kunyumba. Amabwera kuno, timamupatsa mankhwala, thupi lizolowere."

"Nanga zimene ndikuonazi?" anafunsa achimwene. "Anthu akuti ndalodzedwa."

"Simunalodzedwe. Tulo tili ndi magawo ake. Pali gawo limene munthu amalota kwambiri, ndipo limachuluka kukamacha. Mowa umakugonetsani msanga, koma gawo limenelo umalipondereza. Ukayamba kutha m'magazi, maloto amabwera mothamanga, modukaduka, inu n'kumadzidzimuka. Komanso mutu umene muli mowa susunga zinthu, n'chifukwa chake m'mawa munkati simunalote. Munaonapo ngalande ya m'munda wa nzimbe itatsekedwa nthawi yaitali, tsiku lotsegula mmene madzi amatulukira, ndi zinyalala zomwe? Ndi zimene zikukuchitikirani. Mukapirira, pakapita masabata angapo madzi ayamba kuyenda bwino."

Achimwene anafunsanso.

"Ndiye ndidzamuona mwana wanga?"

Adokotala anandiyang'ana, ine ndinawafotokozera mwachidule. Anavula magalasi awo.

"Zimenezo sindingakulonjezeni, bambo. Mankhwala osankhira maloto kulibe. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti loto silichedwa kufufutika. Mukadzuka musathamangire kuimirira kapena kulankhula ndi munthu. Mukhale kaye chigonere, mulibwereze m'mutu kuyambira pamene lathera. Mukatero zambiri zimatsala."

Ine ndinali pomwepo. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu anga.

Achimwene anapirira. Ndikufuna zimenezi zidziwike, chifukwa amene amawakumbukira atagona m'ngalande sakudziwa kuti munthu yemweyo anakhala miyezi iwiri osalawa dontho, Filipo akudutsa pakhomo tsiku ndi tsiku. Maloto oopsa anachepa monga ananenera adokotala. Loto la njinga linabwera kawiri, ndipo m'mawa mwake ankangokhala pakhonde atagwira mawondo mpaka mtima utatsika. Anayamba kudya. Anandikonzera thandala la nsomba, anakhoma chitseko cha kukhitchini chimene chinakhala chopendekeka zaka zambiri. Masiku ena ankafotokozanso maloto, mwamanyazi, ngati munthu amene akuyesa mwendo umene unathyoka. Analota a Sadick akuwakalipira chifukwa cha thabwa lokhota. Analota amama akugulitsa nsapato ku Mzuzu. Analota anthu ambiri, amoyo ndi akufa. Walusungu yekha sankaonekera nkhope, akabwera ankakhala kumsana kwawo.

"Ali pafupi," ankatero. "Dzulo ndinamva mawu ake kuseri kwa nyumba."

Tsiku la 53 chisiyireni mowa kunabwera munthu wochokera ku Bua. Anali ndi maboti awiri ofuna kukonza, ndipo anali atamva kuti Amon Mphande wasiya mowa. Anafika dzuwa litatuluka kale, ana atapita kusukulu. Achimwene anali asanadzuke. Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe: ntchito yeniyeni, yoyamba m'zaka zitatu, yabwera yokha pakhomo. Ndinathamangira kukachipinda kaja n'kumenya chitseko ndi chikhatho.

"Achimwene, dzukani! Kwabwera ntchito, munthu akudikira. Dzukani msanga."

Ndinamenya mpaka anatsegula. Nkhope yawo inali yonyowa.

"Anali pano," anatero. "Anali pa matabwa paja. Ndinamuitana, anatembenuka. Ndinamuona, Emelda."

"Ankaoneka bwanji?"

Anatsegula pakamwa. Anatseka maso, anawatsegula, anawatsekanso. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

"Anatembenuka," anabwereza. "Anali... anatembenuka, kenako iwe unagogoda."

Anabwerera m'chipinda n'kugona mmene anagonera poyamba, nkhope kukhoma. Anakhala choncho mpaka masana. Munthu wa ku Bua uja anadikira maola awiri, anamwa tiyi, n'kunyamuka. Madzulo achimwene anatuluka ndipo anandiuza mawu amodzi okha, mosakalipa.

"Ukanadikira pang'ono pokha."

Ndinawauza kuti poti wabwera kamodzi abweranso. Anadikira masiku asanu ndi anayi. Ankagona msanga, ankadzuka mochedwa, ankatseka makutu ndi thonje, ana anga ndinawaletsa kusewera pafupi ndi kachipindako. Mwanayo sanabwere. Tsiku lakhumi ndikuchokera kumsika ndinapeza kachipinda kali pululu.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ina yogulitsa kachasu, atakhala pa chidebe, Filipo ali pambali. Anali atamwa kale. Ndinawagwira dzanja kuti tizipita. Analichotsa.

"Mayi wogogoda wabwera," anauza anzawowo. "Ameneyu ndi amene anandithamangitsira mwana."

Anthu anaseka. Ine ndinali nditatopa. Miyezi iwiri ndinawachapira zofunda za thukuta, ndinawaphikira, ndinakangana ndi amuna anga chifukwa cha iwo. Mawu anatuluka ndisanawayeze.

"Mwanayo munamusiya Lachiwiri chifukwa cha boti. Lero mukufuna mlandu ukhale wanga chifukwa cha chitseko?"

Kuseka kunatha. Mawu amenewo Keti anawasunga zaka ziwiri osawanena, ine ndinawanena pagulu la zidakwa. Achimwene anayang'ana m'kapu yawo, kenako anamwa.

Kuchokera tsiku limenelo sitinakhalenso pansi kucheza. Tikakumana panjira ankati, "Wadzuka bwanji, Emelda," ine n'kuyankha, basi. Chakudya ndinkatumizabe, mbale zinkabwera zotsuka. Sindinapepese. Masiku ena ndinkanyamuka kuti ndikapepese, koma ndikafika pakati pa njira ndinkakumbukira kuseka kuja n'kubwerera. Anakhala choncho zaka zisanu ndi theka. M'zaka zimenezo kuchipatala sanabwererenso, ndipo za maloto sanazitchulenso kwa munthu aliyense amene ndikumudziwa.

Mu Disembala chaka chatha asodzi anabwera kudzandiuza kuti achimwene sakudzuka. Tinakawatenga. Mimba inali itatupa ngati ya mayi woyembekezera, miyendo itatupa, maso ali achikasu. Kuchipatala anati chiwindi chawonongeka, anawapopa madzi kawiri, kenako anatiuza kuti tikawasamalire kunyumba. Anabwerera m'kachipinda komwe kaja. Mowa tsopano thupi linkaukana lokha. Usiku sankagona, masana ankangowodzera, ndipo mutu unayamba kusokonekera. Nthawi zina ankanditcha amama.

Ndinamuimbira foni Keti. Ndinamuuza kuti munthu uja akupita, ndipo sindinapemphe kanthu. Anangoti wamva. Patapita masiku awiri foni yanga inalira ndili pamsika: anali atatumiza chithunzi chija, popanda mawu alionse. Walusungu ali mu yunifolomu, waima mowongoka kutsogolo kwa nsalu yabuluu, akuyesetsa kusaseka, mpata wa mano uja ukuoneka pang'ono. Ndinasiyira mnzanga nsomba n'kuthamangira kunyumba.

Ndinawapeza ali maso. Ndinawadzutsa n'kuwatsamiritsa kukhoma, ndinawaika foni m'manja, ndinaikulitsa nkhopeyo ndi zala. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Manja ankanjenjemera, ndiye ndinawagwirira.

"Mwana wokongola," anatero. "Ndi wa ndani?"

"Ndi Walusungu, achimwene. Mwana wanu."

Anagwedeza mutu mwaulemu, ngati munthu amene sakufuna kutsutsana ndi mlendo, n'kundibwezera foni. Ndinayesanso mawa lake, ndi mkuja wake, nthawi imene ankaoneka kuti mutu uli bwinoko. Sizinasinthe. Sindikudziwa ngati anali matenda, kapena ngati nkhopeyo inali itafufutika kalekale moti chithunzi sichikanaibweza. Keti sindinamuuze. Ndinangomulembera kuti zikomo, aona.

Anakhala masabata ena atatu. Ndinkawasambitsa, ndinkawatembenuza, a Raston ankawanyamula kupita nawo panja kuti aotheko dzuwa. Ndinkadikira kuti tsiku lina mutu ukayera ndiwauze kuti mawu aja ndinalakwa, kapena iwo anene kanthu kwa ine. Tsiku loterolo silinafike. Lamulungu m'mawa ndinawamwetsa phala ndi supuni. Anameza kawiri, kachitatu anatembenuza nkhope.

"Phalali lachepa shuga," anatero.

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandiuza. Ndinapita kukhitchini kukatenga shuga, ndinabwera, ndinathira, koma sanatsegulenso pakamwa. Anamwalira Lolemba masana.

Sabata yotsatira ndinabwerera pamsika, chifukwa nsomba zouma zikakhalitsa nyengo ya mvula zimachita nkhungu. Makasitomala amene amatidziwa amaima, amapepesa, n'kunena kuti achimwene apumula tsopano. Ine ndimawathokoza, ndimawafunsa kuti akufuna usipa kapena utaka, n'kuwakulungira.